Imelo yopempha tizilombo ta mu filiza yathu: lipoti la nkhani ya pa labu ina mu Blantyre

Ndimagwira ntchito yoyang'anira chitetezo cha tizilombo pa labu ina ya kafukufuku wa zaumoyo muno mu Blantyre. Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti tizilombo timene timasunga tisadwalitse anthu ogwira nato ntchito, komanso tisatuluke pa geti kupita mmanja mwa munthu amene sitikumudziwa. Anzanga a malabu ena akhala akundifunsa kuti nkhani ija ya munthu wachinyengo amene anayesa kutenga tizilombo tathu kudzera pa imelo inatha bwanji, nde ndaona kuti bola ndilembe kamodzi zonse bwinobwino. Dzina la labu, la mnyamata amene nkhaniyi inamugwera ndi la yunivesite imene dzina lake linabedwa sinditchula, onsewo anachita kulakwiridwa.

Zimene timasunga

Anthu ambiri sadziwa kuti mu mzinda uno muli mafiliza ozizira mpaka madigiri -80 odzaza ndi timabotolo ta tizilombo tochokera kwa odwala athu omwe. Kuyambira cha mu 2011 tayifodi inakwera kwambiri mu Blantyre, ndipo mtundu umene unafala, wotchedwa H58, sunkamva mankhwala akale atatu aja, chloramphenicol, ampicillin ndi bactrim. Ndi chifukwa chake kafukufuku wamkulu wa katemera wa tayifodi anachitikira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018 pa ana oposa 28,000, mpaka mu 2023 katemerayo anafika dziko lonse. Kenako kolera ija inayamba mu Malichi 2022, anadwala anthu oposa 58,000 ndipo oposa 1,700 anamwalira, sukulu za Blantyre ndi Lilongwe mpaka zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023, pamwamba pake namondwe Freddy anabwera kudzagumula Chilobwe ndi madera ena. Mliri uliwonse umasiya masampulo mu filiza, ndipo TB nde sitikambanso, imakhalapo chaka chonse.

Kutumiza masampulo kunja si chinthu chachilendo ndipo si choipa. Poliyo imene inalengezedwa mu Febuluwale 2022 kwa mwana wa ku Lilongwe inadziwika kuti ikufanana ndi ya ku Pakistan chifukwa sampulo inapita ku malabu a ku South Africa ndi ku America. Popanda kutumizirana zinthu chonchi sitikanadziwa chimene chalowa mdziko. Ndikunena izi poyamba kuti munthu asaganize kuti mnyamata wathu anapusa, pempho limene analandira linkaoneka ngati mapempho ena onse amene timalandira.

Mmene zinayambira

Imelo siinapite kwa abwana a labu kapena kwa ine, inapita kwa tekinishani wathu wachinyamata amene anali asanathe chaka pa ntchito. Wolembayo anadzitchula dzina la katswiri wina amene alipodi pa yunivesite ina ya ku Ulaya, ndipo ukasaka dzinalo pa Google umamupeza ndithu ndi chithunzi chake ndi mapepala ake a kafukufuku. Anayamba ndi moni wa Chichewa wolemba bwino, kenako Chingerezi chosalala, anatchula mapepala awiri amene labu yathu inatulutsa, anayamikira posita imene mnyamatayu anaonetsa pa msonkhano wina wa kafukufuku, mpaka anafunsa funso lanzeru pa tebulo lina la mu positayo. Munthu wachinyamata amene dzina lake silinaonekepo pa pepala lililonse akalandira kalata yotere mtima umagunda. Anamulonjeza kuti dzina lake lidzakhala pa pepala, ndipo anatchula kuti kutsogoloku kuli mwayi wa sikolashipu ya masters.

Anachezerana kwa masabata angapo, anasamukira pa WhatsApp, ndipo kamodzi anaimbirana pa Zoom koma mnzakeyo anati kamera yake yavuta. Pempho loyamba linali laling'ono, mndandanda wa tizilombo ta tayifodi timene tili nato ndi mankhwala amene sitimva, akuti asankhepo tochepa tofananiza ndi take. Mnyamatayu anatenga fayilo ya Excel ya kaundula wa filiza, yosokonekera monga mmene mafayilo athu amakhalira, anaikopera yonse mu ChatGPT, chatbot ya AI imene umailembera nkukuyankha, ya pa foni yake nkuiuza kuti imukonzere tebulo looneka bwino la Chingerezi. Mu fayilo imene anakoperayo munali nambala za odwala, zaka zawo, dera lochokera, tsiku limene magazi anatengedwa, komanso shelefu ndi bokosi limene botolo lililonse lili. Tebulo limene anatumiza kunjako linalibe nambala za odwala, zimenezo anachotsa yekha, koma mitundu ya tizilombo ndi mankhwala amene sitimva zinapita.

Atalandira tebulolo mlendoyo anasankha timabotolo tingapo nkutumiza MTA, kalata ya pangano lotumizirana masampulo, ya PDF yokhala ndi logo, chidindo ndi siginecha, mbali ya labu yathu yokha ndi imene inatsala kusayina. Anati ndalama zotumizira alipira yekha, ndipo aikaponso kangachepe pa foni ya mnyamatayu chifukwa cha nthawi yake. Anamuuzanso kuti asavutitse akuluakulu ndi kanthu kakang'ono ngati aka, makomiti amachedwetsa zinthu, mapepala adzakonza pambuyo.

Pamene zinaululikira

Zinaululika chifukwa cha bokosi. Mabokosi otumizira masampulo pa ndege, aja okutira katatu olembedwa UN3373 kapena UN2814, amakhala mu kabati yokhoma ndipo kiyi amakhala ndi ine. Mnyamatayu anabwera mu ofesi mwanga nati, "Amayi, ndimapempha bokosi limodzi ndi dry ice, pali masampulo opita kunja sabata ya mawa." Ine ndinati, "Chabwino achimwene, nambala ya chilolezo cha komiti ndi chani?" Anatsegula foni nkundionetsa PDF ija mosangalala, iye ankaona kuti wachita chinthu chabwino chimene labu yonse idzamuyamikira nacho. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo uyu anafunsa ndithu, olo anafunsa za bokosi lokha.

Kuno kwathu sampulo ya munthu siituluka mdziko popanda MTA imene yadutsa ku komiti yovomereza kafukufuku, kaya ndi NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kaya ndi COMREC ya ku yunivesite ya KUHeS, ndipo MTA imeneyo imamangidwa pa kafukufuku amene anavomerezedwa kale ndi nambala yake. PDF ija inali ndi nambala, koma kalembedwe kake sikanali ka nambala za kuno zimene ndaziona zambirimbiri. Nditayang'ana adiresi yotumizirako ndinapeza kuti si ya yunivesite, inali ya kampani yolandirira katundu anthu ena, mdziko lina osati kumene kuli yunivesiteyo. Adiresi ya imelo inkasiyana ndi yeniyeni pa chilembo chimodzi chokha, ndipo pa sikirini ya foni sungachione pokhapokha utachita kuwerenga chilembo chimodzichimodzi.

Ndinamupempha kuti andionetse macheza onse a pa WhatsApp, ndipo apa ndi pamene thupi langa linazizira. Mu mauthenga a kumapeto mlendoyo anali atayamba kufunsa zina. Anafunsa ngati labu yathu imasunga TB yosamva mankhwala ambiri yomeretsedwa kale, anafunsa kuti filiza imakhala chipinda chiti ndipo amalowamo ndani Loweruka ndi Lamlungu, ndipo anafunsa ngati mnyamatayu ali ndi mnzake ku malabu a ziweto amene angakhale ndi masampulo a anthrax, mpaka anatchula mvuu zimene zinafa ku Liwonde mu 2018 ndi mliri wa kumapeto kwa 2023 umene unagwira kwambiri Zambia nkufikanso kuno. Munthu wofufuza tayifodi alibe chifukwa chofunsira za anthrax, ndipo palibe katswiri woona amene amafunsa kuti pa wikendi pamakhala ndani pa chitseko. Mnyamatayu sanayankhe mafunso amenewo, anati zinamudabwitsa pang'ono koma anaganiza kuti mwina ndi chidwi chabe cha azungu.

Tsiku lomwelo abwana a labu anaimba ku yunivesite ija pogwiritsa ntchito nambala ya pa webusayiti yawo yeniyeni, osati ya mu imelo. Katswiri weniweniyo anayankha mawa lake kuti sanalembepo kalata iliyonse kwa ife, sadziwa labu yathu kupatula pa mapepala, ndipo anati akauza a IT akwawo. Ife tinasiya kuyankha mlendo uja, tinasunga maimelo onse ndi ma header ake (mizere yosonyeza kumene imelo yachokera), tinajambula macheza onse, tinawerenga timabotolo tonse ta mu mabokosi amene anatchulidwa mu tebulo ndipo tonse tinalipo. Mlendoyo analembanso kawiri kufunsa kuti zili pati, kenako nambala yake inasowa pa WhatsApp. Sitinamupeze.

Kodi AI inalowa pati

Anthu akamva nkhaniyi amathamangira kunena kuti ChatGPT ndi imene inaulula zinsinsi zathu kwa wakubayo. Si choncho. Zonse zimene mlendoyo ankadziwa poyamba zinali poyera, mapepala athu, posita ija, tsamba la LinkedIn la mnyamatayu. Fayilo ya filiza inalowa mu chatbot macheza atayamba kale. Nde pali mavuto awiri osiyana ndipo ndi bwino kuwalekanitsa.

Vuto loyamba ndi la mlendoyo. Kale makalata a akuba a pa intaneti tinkawadziwira pa Chingerezi chokhota ndi nkhani zosamveka. Uyu analemba ngati munthu amene wakhala mu labu zaka zambiri, anadziwa mawu athu, anawerenga mapepala athu nkufunsa funso lolondola, anakonza MTA yooneka yeniyeni, anapereka moni wa Chichewa. Ine ndimakhulupirira kuti anagwiritsa ntchito AI, chifukwa mayankho ake aatali a sayansi ankabwera mu mphindi zochepa, pomwe pa Zoom paja, malinga ndi mnyamatayu, ankalankhula mwachidule ndipo funso la sayansi ankati ayankha pa imelo. Mapulogalamu amene amati amazindikira zolemba za AI sitinawadalire, amanama kwambiri, ndipo kwa ine zilibe kanthu kuti titsimikize kapena ayi. Chimene ndikudziwa ndi chakuti lero munthu wosadziwa kalikonse za tizilombo angathe kuvala nkhope ya katswiri mu ola limodzi pa mtengo wa bandulo, ndipo angathe kulemba makalata otere kwa matekinishani ambiri nthawi imodzi, iliyonse yosokedwa mogwirizana ndi mwini wake. Titaika chenjezo pa gulupu ya WhatsApp ya anthu a malabu, mnzathu wina wa labu ina muno mu tawuni ananditumizira kumbali kalata imene analandira, dzina losiyana koma njira yomweyo.

Vuto lachiwiri ndi lathu. Mfundo za odwala ndi mapu a filiza yathu zinapita pa seva ya kampani ya kunja kudzera pa akaunti yaulere ya munthu payekha, popanda pangano lililonse, ndipo labu inalibe lamulo lililonse lolembedwa loletsa kapena kulola zimenezo. Nditafunsa ena onse mwa chinsinsi ndinapeza kuti si iye yekha, ambiri amagwiritsa ntchito chatbot kukonza Chingerezi cha malipoti, kufupikitsa ma SOP (ndondomeko zolembedwa za kagwiridwe ka ntchito mu labu), kuwerengera mlingo wosungunulira mankhwala. Ndipo ine sindiwadzudzula, ma SOP athu ndi aatali ndipo analembedwa mu Chingerezi cha anthu ena, mwana amene wabwera kuchokera ku koleji akufuna thandizo ndipo thandizo lili mthumba mwake.

Titapita ku malamulo

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene boma likubwera. Abwana anandiuza kuti, "Mayi, lembani lipoti, koma mutiuze kuti likupita kwa ndani ndipo pansi pa lamulo liti." Ndinakhala pansi ndi malamulo onse amene ndinawaganizira.

Biosafety Act ya 2002 dzina lake limanyenga anthu a zaumoyo, koma nkhani yake ndi ya zamoyo zosinthidwa chibadwa, ma GMO, mbewu ngati thonje ndi chimanga, ndipo imayendetsedwa ndi a zachilengedwe. Botolo la tayifodi la mu filiza yathu silikhudzidwa. Public Health Act ndi ya 1948, ya nthawi ya atsamunda, imakamba za kulengeza matenda opatsirana, kupatula odwala, ukhondo wa mmisika ndi mmanyumba, ndipo inalembedwa kusanabwere filiza ya -80 kapena imelo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imakamba za milandu ya pa intaneti ndipo ndi imene inakhazikitsa CERT ya dziko lino, gulu lothana ndi ziwembu za pa makompyuta, pansi pa MACRA, nde mbali ya imelo yachinyengo ili ndi kolowera, koma kwa lamulo limeneli palibe kusiyana pakati pa wofuna kuba ndalama za mu akaunti ndi wofuna kuba TB yosamva mankhwala. Data Protection Act ya 2024, imene MACRA yomweyo imayang'anira, ndi imene inatigwira ife eni ake, chifukwa mfundo za umoyo wa munthu ndi zina mwa zotetezedwa kwambiri ndipo kuzitumiza kunja kuli ndi malire ake. Pamenepo lamulo linalankhula momveka ndipo tinatsatira.

Kunja tinasayina zinthu. Malawi analowa mokwanira mu pangano loletsa zida za tizilombo, Biological Weapons Convention, mu 2013, ngakhale panganolo ndi la 1972, ndipo gawo lake lachinayi limati dziko lililonse liike njira zake zoletsa ndi kupewa zimenezi mkati mwa malire ake. Chigamulo 1540 cha UN Security Council cha 2004 chimati mayiko aonetsetse kuti zinthu zotere zisafike kwa magulu amene si boma. Pali International Health Regulations za 2005, pali buku la WHO la chitetezo cha mu labu limene linatulukanso mu 2020 ndi malangizo a 2024 a biosecurity (kuteteza tizilombo kuti tisabedwe kapena kugwiritsidwa ntchito molakwika), ndipo Africa CDC inayambitsa ntchito yake ya biosafety ndi biosecurity mu 2019. Mapepala onsewa ndi abwino ndipo ine ndimaphunzitsira anthu. Koma mwa zonse zimene ndinawerenga palibe chimene chinandiuza kuti munthu wosadziwika akayesa kutenga tizilombo mu labu yako imba nambala iyi, lemba fomu iyi, pasanathe maola awa.

Tinalembabe. Lipoti linapita ku komiti imene imavomereza kafukufuku wathu, ndipo makalata ena anapita ku maofesi awiri a boma amene tinaona kuti akukhudzidwa. Anthu amene tinalankhula nawo anali aulemu ndipo anaimva nkhaniyo, mmodzi anandiuza moona mtima kuti ayamba afunsa kuti fayilo yotere imakhala pa desiki ya ndani. Sindikumuimba mlandu, desikiyo ndi imene kulibe. Chimene chinatipulumutsa ife ndi lamulo la MTA limene linapangidwa pa chifukwa china, kuteteza odwala ndi kuteteza kuti chuma cha masampulo athu chisamangotengedwa ulere, kuphatikizapo kabati yokhoma. Labu yaing'ono yapayekha imene sichita kafukufuku, imene sidutsa ku komiti iliyonse koma imameretsa tizilombo tsiku ndi tsiku, ilibe ngakhale chotchinga chimenecho.

Zimene akukangana kunja

Ndikapita ku misonkhano ya AI ndi biosecurity nkhani imakhala ya munthu amene akufunsa chatbot mmene angapangire kachilombo koopsa, kapena kuoda DNA yopangidwa mu fakitale kuti alumikize yekha. Nkhawa imeneyo ndi yoona. Mu Okutobala 2023 Pulezidenti Biden anasayina lamulo la pulezidenti lokhudza AI, Executive Order 14110, imene inakhudza zimenezi, ndipo mu Epulo 2024 boma la America linatulutsa ndondomeko yakuti makampani ogulitsa DNA azifufuza oda iliyonse ndi munthu woodayo, koma mu Januwale 2025 Pulezidenti Trump anaifafaniza Executive Order ija. UK inatulutsa malangizo ake a kufufuza maoda a DNA mu Okutobala 2024. Makampani akuluakulu a DNA anali atayamba kale kuchita zimenezi mwa kufuna kwawo kuyambira 2009 kudzera mu International Gene Synthesis Consortium, koma si onse ali mmenemo. Ku Bletchley Park ku UK mu Novembala 2023 mayiko 28 anasayina chikalata cha chitetezo cha AI, a mu Africa anali Kenya, Nigeria ndi Rwanda. Kafukufuku wa bungwe la ku America la RAND wa Januwale 2024 sanapeze kusiyana kwenikweni pakati pa mapulani ongoyesezera a chiwembu cha tizilombo a magulu amene anali ndi chatbot ndi amene anali ndi intaneti yokha, koma zinthu zikuthamanga, pofika Meyi 2025 kampani ya Anthropic inalengeza kuti yakhwimitsa chitetezo pa AI yake yatsopano chifukwa cha nkhawa yomweyi. African Union nayo inavomereza ndondomeko ya AI ya kontinenti yonse mu Julaye 2024 ku Accra.

Zonsezi zikutikhudza, ife ma primer, tizidutswa ta DNA toyezera masampulo, timaoda ku South Africa kapena ku Ulaya, nde kufufuza kwa maoda kukuchitikira kwa ena ndipo tikudalira malamulo a ena amene angasinthe ndi chisankho chimodzi monga tinaonera. Koma ndikunena mosabisa kuti kwa Blantyre chiopsezo chapafupi si munthu wopanga kachilombo katsopano pa kompyuta. Munthu woipa alibe chifukwa chovutikira kupanga chinthu chimene chilipo kale chamoyo mu filiza, chosungidwa ndi mnyamata wolandira malipiro osafika kumapeto kwa mwezi amene akulota sikolashipu. AI yapeputsa ntchito yonyenga mnyamata ameneyo, ndipo ndondomeko ya boma ikakopera nkhawa za ku Washington ndi London zokha nkusiya zimenezi idzakhala yaphonya pakhomo pathu.

Chimene ndikupempha boma si chodula. Pakhale kaundula wa dziko wa malabu onse, a anthu, a ziweto ndi a ulimi, aboma ndi apayekha, amene amasunga tizilombo toopsa, ndi mndandanda wa tizilombo timene munthu sangasunge kapena kusamutsa popanda chilolezo, olo kusamutsa kwake kukhale kochokera ku Blantyre kupita ku Zomba. Pakhale ofesi imodzi yodziwika ndi nambala imodzi yoimbira, ndipo kwa ine malo ake oyenera ndi ku PHIM (Public Health Institute of Malawi) mogwirizana ndi a ziweto ndi a CERT, kuti labu imodzi ikalandira kalata yotere malabu onse adziwe tsiku lomwelo kudzera njira ya boma osati mwamwayi pa gulupu ya WhatsApp. Ndipo ndondomeko iliyonse ya AI imene dziko lino lilembe ikhale ndi anthu a mu labu pa tebulo, osati a ICT okha, chifukwa a ICT sadziwa kuti shelefu ndi bokosi mu fayilo ya Excel ndi mapu. Kuletsa ma chatbot ndi lamulo ine sindikugwirizana nako ngakhale pang'ono, anthu adzangobisala nawo ku chimbudzi ndipo ife oyang'anira sitidzadziwanso chimene chikulowamo.

Zimene tinasintha ife

Mnyamata uja sanachotsedwe ntchito. Panali ena amene ankafuna kuti alandire kalata ya chenjezo lomaliza, ine ndinakana pamaso pa abwana, ndinati tikamulanga uyu wotsatira adzabisa foni yake ndipo tidzadziwa bokosi litafika kale ku Chileka. Analandira chenjezo la pakamwa pa nkhani ya mfundo za odwala basi, anafufuta macheza aja mu chatbot ndi kutseka batani lolola kuti zolemba zake zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa AI, ndipo komiti inauzidwa zonse. Pano ndi iye amene amafotokozera anzake atsopano nkhaniyi, ndipo amaifotokoza bwino kuposa ine chifukwa amawauza mmene mtima wake unkamvera.

Tinalemba tsamba limodzi lokha, mbali ina Chichewa mbali ina Chingerezi, nkulimata pa chitseko cha chipinda cha mafiliza. Limati pempho lililonse la sampulo, la mndandanda wa masampulo kapena la mmene labu imatetezedwera lipite kwa oyang'anira tsiku lomwelo, ndipo wobweretsa sadzafunsidwa chifukwa chake anayankha poyamba. Munthu watsopano wakunja timamutsimikiza kudzera pa nambala kapena imelo imene tapeza tokha, ndipo timaonana naye pa vidiyo kamera ili yoyaka pamodzi ndi mkulu wake, ngakhale tikudziwa kuti masiku ano nkhope ndi mawu nazonso zimapangidwa, nde foni ya ku ofesi yawo ndi imene timaidalira kwambiri. Chatbot ndi yololedwa pa Chingerezi, pa kufotokoza zinthu zovuta ndi pa ma formula a Excel opanda data yeniyeni, koma nambala ya wodwala, kaundula wa filiza ndi sequence ya DNA ya tizilombo yosasindikizidwa sizilowamo, ndipo mlingo uliwonse wa mankhwala umene chatbot yapereka uyenera kufananizidwa ndi SOP. Kaundula wa filiza tinamuchotsa pa flash ndi pa mafoni, tinagawa pawiri kuti fayilo yonena chimene chili mu botolo isakhale pamodzi ndi yonena pamene botolo lili, ndipo chipinda cha mafiliza pa wikendi salowamo munthu mmodzi yekha kupatula magetsi akathima ndipo jenereta yakana, apo amalemba mu buku ndi kuimbira ine.

Chimene sitinathe kukonza ndi malipiro ndi njala ya mwayi. Mtsikana wina wa mu labu anandifunsa pa miting'i kuti, "Amayi, nanga mwayi weniweni ukabwera pa imelo tidzaudziwa bwanji, si tidzangotaya zonse chifukwa cha mantha?" Funso lake ndi lolondola, ambiri mwa akuluakulu athu a sayansi anapita kusukulu kunja chifukwa mlendo wina anawalembera kalata. Ndinamuyankha kuti abweretse kalatayo tidzaifufuze limodzi, ikakhala yoona ine ndemwe ndidzamulembera kalata yomuchitira umboni, ndipo abwana anavomera kuti mayina a matekinishani aziikidwa pa mapepala a ntchito imene agwira popanda kudikira munthu wakunja kuti awalonjeze.

Kalata yopempha kaundula wa malabu ndi nambala yoimbira tailemba pamodzi ndi anzathu a malabu ena a mu Blantyre ndipo ikuzungulira kuti oyang'anira asayine isanapite ku Lilongwe. Ngati labu yanu inalandirapo kalata yofanana ndi imeneyi musaifufute ndipo musamuyankhe mwini wakeyo kuti mwamutulukira, sungani imelo yonse ndi ma header ake, jambulani macheza, werengani timabotolo tanu, kenako uzani oyang'anira chitetezo pa labu yanu kuti nkhani yanu iphatikizidwe mu kalatayo, chifukwa a ku unduna akaona kuti si labu imodzi ayiyika pa desiki msanga.